Mkamwini wa aNachisale

Lodwick anagogoda pachitseko katatu, ngakhale ankadziwa kuti munthu amene anali m'katimo sangadzuke kudzatsegula.

"Odi, amayi. Ndalowa."

"Mwachedwa," anayankha mawu olemera, ngati a munthu amene wavumata madzi.

Sanachedwe ayi. Dzuwa linali lisanadutse n'komwe mitengo ya mango ya kuseri kwa mjigo. Koma aNachisale ankanena mawu amenewa m'mawa uliwonse, ndipo tsiku limene sanawanene, Lodwick ankawagwira pachipumi kuti amve ngati thupi latentha.

Anatsegula zenera, nagwada pambali pa bedi. Anapinda bondo lawo lakumanja, mwendo umene unafa uja, nayika dzanja limodzi paphewa, lina m'chiuno pamwamba pa chitenje, n'kuwatembenuza pang'onopang'ono mpaka anagonera kumanzere. Anayang'ana zidendene ndi zigongono ngati zafiira, monga anamuphunzitsira a mafizo, ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, kuchipatala. Panalibe chilonda. Kenako anatenga dzanja lopinimbira lija, nayamba kuwongola zala chimodzichimodzi, akuzipaka mafuta.

"Mwera wayamba," anawauza. "Usiku wagwetsa mpanda wa mbuzi wa a Layla. Mbuzi zonse zagona pakhonde pathu."

Mbali imodzi ya milomo ya aNachisale inakwera m'mwamba. Kumeneko kunali kuseka kwawo masiku ano.

Akanauzidwa zaka zitatu zapitazo kuti adzakhala chogwada chotere, atagwira zala za apongozi ake, Lodwick akanati wonenayo waledzera. Iye anali wa ku Mvera, ku Dowa. Anabwera ku Lifuwu ali mnyamata kudzagwira ganyu yowokera mpunga kusikimu, anakumana ndi Dailes, mwana wa aNachisale, n'kukhala pachikamwini. Anamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi akewo, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri anasunga mwambo bwino lomwe. Akakumana panjira, iye ankapatukira kutchire. Ngati panali nkhani, inkadzera mwa Dailes. Ngakhale nkhope yawo sankaidziwa bwino; chimene ankachidziwa ndi mawu, chifukwa aNachisale, omwe ankagula usipa ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe, akamayankhula pamjigo mudzi wonse unkamva. Ndi pamjigo pomwepo pamene ananena tsiku lina kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna wogwa m'papaya, poti zaka zinkangopita pakhomo popanda mwana. Lodwick anamva, nameza malovu, n'kupita kumunda.

Sitiroko inawapeza ali pakati pa mathandala a nsomba, akutsutsana mtengo ndi asodzi. Anabwera nawo atafa mbali yonse ya kumanja, lilime litalemera. Dailes ndiye ankawasamala. Lodwick ankangotunga madzi n'kusiya pakhomo. Koma tsiku lina mayiwo anagwa pabedi, ndipo Dailes atalephera kuwadzutsa anatulukira pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Mwambo wanuwo suwadzutsa pansipa. Lowani munyamule."

Anawanyamula nkhope atayang'ana kukhoma. Anadabwa kuti mayi amene ankagwedeza mudzi wonse uja anali wopepuka kuposa thumba la mpunga wosapuntha.

Dailes anamwalira m'dzinja la chaka chatha, atadwala malungo masiku asanu okha. Maliro atatha, abale anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akunena kuti abweranso posachedwa. M'mawa wachitatu Lodwick, ali khale m'nyumba mwake osadziwa chochita ndi manja ake, anamva sipuni ikumenyedwa pambale m'nyumba ya kutsogolo. Inalira, inasiya, inaliranso. Anadzuka, nakagogoda, nalowa. Kuyambira tsiku limenelo ankalowa m'mawa uliwonse.

"Salaam, eni nyumba! Mbuzi zanga zakusiyirani mphatso pakhondepa, mundikhululukire."

Anali a Layla, oyandikana nawo nyumba, atanyamula beseni ndi sopo. Amuna awo anali ku chilumba cha Mbenji kokapha nsomba, ndipo iwo ankabwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa aNachisale ndi kuwasintha zovala. Zimenezi zokha ndi zimene Lodwick sankachita. Iye anawanyamula n'kuwakhazika pampando wapulasitiki, natuluka, natseka chitseko. Ali panja akutakasa phala la mpunga lothira nsinjiro, ankamva amayi awiriwo akukangana za madzi, wina akuti atentha, wina akuti azizira.

"A Layla, ndidzakubwezerani chiyani ine?" anawafunsa atatuluka.

"Sadaka yanga ndi imeneyi, a Lodwick. Musandilande. Koma sopo watha, zimenezo ndiye zanu."

Lachitatu la sabata imeneyo, Lodwick akuyanika zitenje ndi pepala lapulasitiki loyala pabedi, kabaza inaima pabwalo. Amene anatsika anali Bernadette, mchemwali wake wa ku Mvera. Anaima chikwama chili m'manja, akuyang'ana zimene zinali pachingwe, ndipo nkhope yake inagwa.

Atalonjerana ndi kumwa madzi, Bernadette sanazungulire.

"Achimwene, a Godwin andiimbira foni. Loweruka akubwera ndi ankhoswe kudzakusudzulani. Mayi awo akuti awatenga, akakhala nawo ku Lilongwe."

Godwin anali mlongo wake wa Dailes, dalaivala wa kampani ina mumzindamo. Kusudzula kumeneku kunayenera kuchitika kalekale, koma kunachedwa chaka ndi miyezi, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake ngakhale palibe amene ankachitchula.

"Ku Lilongwe akawasamala ndani?" anafunsa Lodwick. "Alamu amayenda maulendo. Akazi awo amagulitsa mumsika tsiku lonse."

"Akuti apeza mtsikana wantchito. Koma zimenezo ndi za eni ake. Inu mwaiona mbali yanu. Munda wa malemu amayi ukungomera tsekera kwathu. Ndiponso Lena uja, amene amuna ake anamwalira chaka chija, wafunsa za inu kawiri." Anatsitsa mawu. "Mukudziwa zimene anthu akunena? Wakabaza yemweyu wandiuza m'njira, osadziwa kuti ndine mlongo wanu. Akuti kuli mkamwini wina kuno amene akuchapa matewera a apongozi ake kuti adzalande puloti ya mpunga."

Lodwick anangoyang'ana chitenje chimene mphepo inkafuna kuchichotsa pachingwe.

"Mwavutika mokwanira, achimwene. Tiyeni kwathu mukapume."

Masana, atawadyetsa aNachisale ndi kuwatembenuzanso, Lodwick anapita kusikimu. Mpunga unali utayamba kuwerama, wachikasu kunsonga, ndipo mpheta zinkatera m'magulumagulu. Anakhala pamzere wa ngalande, mapazi ali m'madzi.

Mawu a mchemwali wake akuti "mwavutika" ndi amene anamusowetsa mtendere, chifukwa anawafufuza mumtima mwake ndipo sanawapeze. Kutopa kunalipo. Msana unkawawa. Panali masiku amene fungo la m'chipindamo linkamutsatira mpaka kumunda, ndi masiku amene aNachisale ankalavula phala dala, iye n'kutuluka kukaima kuseri kwa nyumba mpaka mkwiyo utatsika. Koma kuvutika kumene anthu ankamumvera nako chisoni sanakuone. Anakumbukira tsiku limene chala chachikulu cha dzanja lakufa lija chinagwedezeka koyamba, iye n'kuthamanga kukaitana a Layla ngati wapeza ndalama panjira. Anakumbukira masana ena pakhonde pamene mayiwo, mawu akutuluka limodzilimodzi, anamuuza kuti Dailes ali mwana ankaopa achule. Zaka zonse za ukwati wawo iye sankadziwa zimenezo. Padziko lonse panatsala munthu mmodzi yekha amene akamati "Dailes" ankatanthauza munthu yemwe iye ankamudziwa.

Nanga zimenezi angazinene bwanji pamaso pa ankhoswe? Mwamuna wa zaka makumi asanu angaime pabwalo n'kunena kuti mtima wake uli m'malo pamene akuchapa zofunda za apongozi ake? Akanena, amene ankati akufuna puloti adzati taonani, tinanena ife. Akakhala chete, Loweruka mayiwo akwera galimoto, ndipo iye ankadziwa chimene chimachitikira munthu wogona mbali imodzi tsiku lathunthu. Anaziona m'chipatala muja: chilonda chimayamba ngati kadontho kofiira.

Madzulo a Lachisanu anawauza aNachisale zonse, akuwapukuta pakamwa. Iwo anangotseka maso.

Loweruka Godwin anafika chakum'mawa pa galimoto yobwereka, pamwamba atamangirira chikuku cha odwala, chatsopano, cha matayala onyezimira. Anali munthu wabwino ndithu, wamaso otopa, ndipo anagwira dzanja la Lodwick ndi manja awiri. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango: ankhoswe a mbali zonse ziwiri, Bernadette, a Layla chapatali, ndi ena amene anangobwera kudzaonerera. ANachisale anatsala m'nyumba, zenera lili lotsegula.

Mwambo sunatalike. Nkhoswe ya kuchikazi inayamika Lodwick kuti anakhala bwino pamudzi, sanamenyepo mkazi, sanatukwanepo munthu. Inamupatsa mbale yovindikira monga mwa mwambo, n'kunena kuti kuyambira lero ndi mfulu, akhoza kupita kwawo, akhoza kukwatira, ndipo palibe wa pamudzipo amene adzamulondole. Lodwick analandira mbaleyo ndi manja awiri. Zimene anaganiza kusikimu zija anazisunga mumtima. Anangoti, "Zikomo," nakhala pansi. Bernadette anapuma mpweya wautali.

"Tsopano tiwakonzekeretse amayi, tisachedwe panjira," anatero Godwin.

Anamasula chikuku chija n'kuchikankhira pakhomo, koma chinakana kulowa. Khomolo linali laling'ono. Anachipendeketsa, anachibweza, anayesanso, mpaka anachisiya pakhonde n'kulowa yekha. Lodwick anakhala pamene anali, mbale ili pamiyendo. Sinalinso nyumba yoti iye alowemo.

Kenako kunamveka kukuwa. Sikunali kukuwa kwa mkwiyo kumene onse anakuzolowera. Kunali kwa ululu.

Lodwick sanadziwe kuti mbale ija anaiika pati. Anangopezeka ali m'chipindamo. Godwin anali atawagwira mayi ake m'khwapa, akukoka dzanja lakufa lija, thukuta lili chuchuchu, maso ali ndi mantha.

"Alamu, dzanja limenelo sitikoka, phewa limaguluka. Asiyeni kaye agone. Eya. Tsopano bwerani mbali ino. Pindani bondoli. Dzanja lanu lilowe pansi pa phewa, osati m'khwapa. Musanyamule ndi msana, nyamulani ndi miyendo. Muziwauza chimene mukuchita, asadzidzimuke."

Anawanyamula awiri, n'kutuluka nawo, n'kuwakhazika pachikuku pakhonde paja. Lodwick anaika katsamiro pansi pa chigongono chawo, nakonza phazi limene linapindika. Atafuna kubwerera pambuyo, anapeza kuti dzanja lamanzere la aNachisale lagwira malaya ake. Dzanja limenelo linali likadali ndi mphamvu zonyamulira madengu.

"Godwin," anatero mayiwo. Pabwalo panali zii, chifukwa mawu awo ankafunika kuwadikira. "Mwamu... sudzula?"

"Eya, amayi. Mwambo watha."

"Ndiye... si mkamwini."

"Si mkamwininso, amayi. Akupita kwawo."

ANachisale anapukusa mutu. Malovu anatsika pambali pa mlomo, ndipo Lodwick anawapukuta ndi kansalu asanaganize n'komwe.

"Ine... sindipita. Uyu... akhale."

"Akhale ngati ndani, amayi?" inafunsa nkhoswe ija mofatsa. "Pamudzi munthu amakhala ndi dzina."

Mayiwo anatembenuza mutu movutikira, nayang'ana Lodwick m'maso. Zaka zonsezi anali asanayang'anizanepo chotero.

"Iwe," anatero. "Ukufuna... kupita?"

Sanati "inu". Anamuitana mmene ankaitanira Godwin, mmene ankaitanira Dailes. Lodwick anagwada pambali pa chikukucho.

"Ayi, amayi. Sindikufuna."

Atatero, mawu ena onse anatuluka okha. Anatembenukira kwa anthu aja. "Ndamva zimene zikunenedwa. Puloti ya kusikimu ndi ya alamu anga a Godwin. Nyumba iyi ndi yawonso. Ankhoswe muli pompano, lembani zimenezo lero, ndisayina. Ine ndizilima kuti amayi adye, ndipo tsiku limene Mulungu adzawatenge, ndidzanyamula chikwama changa. Koma musamandimvere chisoni. Achemwali, inunso musandimvere chisoni. Ine m'mawa ndikadzuka ndimadziwa kumene ndikupita, ndipo ndikagogoda pamakhala wondiyankha. Sindikuvutika."

A Layla ndi amene anayamba kuyankhula, ali chapatali pomwepo.

"Wallahi, chaka chonsechi ine ndimawasambitsa mayiwa, ndipo sindinaonepo chilonda ngakhale chimodzi. Pitani mukafunse kuchipatala ngati zimenezo zimachitika zokha."

Godwin anakhala pansi pakhonde, nagwira kumaso. Atachotsa manja, maso ake anali ofiira.

"Alamu, ine ndimaopa kuti anthu azinena kuti ndinataya mayi anga m'manja mwa mlendo. Koma zoona zake, mtsikana wantchitoyo sindinamupeze n'komwe." Anaseka pang'ono mwamanyazi. "Ndizibwera kumapeto kwa mwezi uliwonse, inu muzikapuma kwanu masiku awiri atatu. Koma mundiphunzitse kaye. Ndiyambe lero."

Ankhoswe ananong'onezana, kenako wamkulu mwa iwo anati nkhani ngati imeneyi sanaiweruzepo, koma sakuona mwambo umene ukuletsa munthu womasulidwa kukhala pamene eni mudzi amupempha kuti akhale.

Bernadette yekha ndi amene sanasangalale. Koma m'mawa mwake, kabaza ikumudikira, anatulutsa m'chikwama nyemba ndi mtedza zimene anabwera nazo kuti adye paulendo wobwerera awiri, n'kuziika patebulo.

"Nanga Lena ndikamuuze chiyani?"

"Mukamuuze zoona. Mukamuuze kuti ndili ndi mayi wodwala. Akafunsabe kachitatu, mudzandiimbire."

Bernadette anamuyang'ana, napukusa mutu, koma pokwera kabaza ankamwetulira.

Lolemba Lodwick anabwereka hamala ndi tchizulo, nagumula njerwa za mbali imodzi ya khomo lija. Fumbi linadzaza nyumba, ndipo aNachisale, omwe anawakhazika pansi pa mango, ankalamula ntchito yonse ndi dzanja limodzi. Lachiwiri anaika felemu yatsopano, naumba kachitunda kotsetsereka pakhonde. Lachitatu m'mawa, a Layla atamaliza kuwasambitsa ndi kuwamanga duku wa maluwa ofiira, chikuku chinalowa mpaka pambali pa bedi, n'kutuluka nawo.

"Tipite kuti, amayi?"

"Kusikimu."

Anali asanadutse mpanda wa pakhomo pawo kwa zaka ziwiri. Atangotuluka pabwalo, matayala aang'ono akutsogolo anazama mumchenga. Lodwick anakankha, chikuku chinakana. Anachitembenuza, nachipendeketsa, n'kuyamba kuchikoka chafutambuyo, mayiwo akuyang'ana kumene achokera. Amayi a pamjigo anasiya zidebe n'kubwera kudzawagwira dzanja. Wina analira. ANachisale anamuuza kuti wanenepa, ndipo onse anafa nalo phwete.

Atafika kusikimu, njira ya pambali pa ngalande inali youma ndi yolimba, yowongoka mpaka kutali. Mbali zonse ziwiri mpunga unkaweyuka ndi mwera, ndipo anthu anali atayamba kumweta m'mapuloti ena. Lodwick anatembenuza chikuku kuti chiyang'ane kutsogolo, nayamba kukankha mosamala, akupewa timiyala.

ANachisale anamenya chogwirira ndi dzanja lamanzere.

"Thamanga."

"Amayi?"

"Thamanga, iwe!"

Lodwick anayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwiritsa zogwirira zija, nawerama, nayamba kuthamanga, mapazi ake akuwomba pansi, matayala akulira. Mpheta zinabalalika m'mpunga. Omweta anaweramuka, zikwakwa zili m'manja. Mphepo inalowa pansi pa duku uja, inamukweza, n'kumuulutsira m'puloti ya eni ake, kumene anakakodwa pangala za mpunga. Tsitsi loyera linatsala pamtunda.

Lodwick anayamba kuchepetsa liwiro kuti akamutole.

"Musiye," anatero aNachisale, akupuma mwabefu ngati kuti othamangawo ndi iwo. "Tidzamutenga... pobwerera."